Kuchoka ku CDSS mpaka ku yunivesite m'thumba mulibe kanthu: poyambira ndi potsatira pake

Tsiku lina basi yathu itaima pa Lizulu, pakati pa anyamata amene anathamangira pawindo ndi mabeseni a kabichi ndi mbatatesi ndinaonapo nkhope yoidziwa. Anali mnyamata amene ndinamuphunzitsa Fomu 4, wa mutu wakuthwa, amene zotsatira zake zitatuluka aphunzitsi tonse tinagwirana chanza. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, za ku koleji zili pati?" Anayang'ana m'beseni mwakemo n'kuti, "Aphunzitsi, ndinamva mochedwa. Mmene ndinkapita kukafunsa n'kuti atatseka kale." Basi inanyamuka ndisanapeze choyankha.

Mnyamata ameneyu sanalephere mayeso. Sitinganenenso kuti anasowa fizi, poti sanafike n'komwe pamalo olipira fizi. Anagwera m'kampata kakang'ono ka pakati pa kutuluka kwa zotsatira ndi tsiku lotseka kulembetsa, iye ali kudimba, wopanda foni, wopanda womuuza. Mipata yotere ilipo ingapo: wina uli pakati pa kutuluka kwa mayina a osankhidwa ndi tsiku lotsegulira, wina pakati pa kutsegulira ndi kufika kwa ngongole ya boma, winanso kumapeto kwa chaka choyamba. Mwana amene bambo ake kapena azakhali ake anadutsamo amailumpha osadziwa kuti ilipo, chifukwa pakhomo pali wina amene amangoti, "Mawa tipite tikajambulitse mapepala ako." Mwana wa ku Tsangano, ku Mayani kapena ku Lobi amene ndi woyamba pamtundu pake kufika Fomu 4 alibe munthu wotero. Zimene ndalemba pansipa ndi zimene munthu ameneyo akanakuuzani.

Yambirani ku Fomu 3

Mayunivesite a boma alipo 6: UNIMA ku Zomba, imene ambiri timaitchabe Chanco, MUBAS ku Blantyre, imene inali Poly, KUHeS ya zaumoyo, imene inaphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing pamene zitatuzi zinkapatukana mu 2021, LUANAR ya zaulimi ku Bunda, Mzuni ku Mzuzu, ndi MUST ku Thyolo, imene inayamba kuphunzitsa mu 2014. Khomo la onsewa ndi limodzi: makirediti 6 pa MSCE, Chingerezi chili momwemo.

Kirediti ndi giredi 3 mpaka 6. Giredi 1 ndi 2 ndiye apamwamba kwambiri, 7 ndi 8 mwangodutsa, 9 mwagwa. Mapointi amene anthu amafunsana aja amachokera pophatikiza magiredi a maphunziro 6 amene mwakhoza bwino, ndipo ochepa ndiye abwino. Munthu wa 4 m'Chingerezi, 5 m'Masamu, 3 mu Bayoloje, 2 mu Agirikatcha, 2 m'Chichewa ndi 3 mu Jogirafe ali ndi mapointi 19. Koma amene wapeza 2 m'maphunziro asanu n'kupeza 7 m'Chingerezi ali panja, ngakhale mudzi wonse umutame. Chingerezi ndicho chimagwetsa ana ambiri a ku CDSS, osati chifukwa chopepera, koma chifukwa sachimva kwina kulikonse kupatula m'kalasi. Mankhwala ake ndi otopetsa koma otsika mtengo: mverani nkhani za Chingerezi pawailesi tsiku ndi tsiku, werengani chilichonse chosindikizidwa, ngakhale nyuzi imene anakulungira usipa, ndipo sabata iliyonse lembani chimangirizo chimodzi mupatse aphunzitsi achonge. Mphunzitsi sakana mwana wobwera yekha ndi pepala.

Chachiwiri ndi maphunziro amene mumasankha polowa Fomu 3. Ana ambiri amathawa Fizikisi ndi Kemisitire poti "n'zovuta", kenako zaka ziwiri zikadutsa amafuna unamwino kapena uinjiniya. Pamenepo palibenso chochita. Ngati mtima uli ku zaumoyo, gwirani Bayoloje, Kemisitire, Fizikisi ndi Masamu. Ngati uli ku uinjiniya kapena zamakompyuta, Masamu ndi Fizikisi musazisiye. Sukulu yanu ikakhala yopanda labu, pa holide pezani mnzanu wa ku Dedza Government, ku Mtendere, ku Umbwi kapena ku Ntcheu Secondary, mubwereke makope ake ndi mapepala a mayeso akale, mukopere ndi dzanja. Kukopera komweko ndi kuwerenga.

Gulani envulopu ya khaki

Izi zichitike musanalembe MSCE. Pezani envulopu yaikulu, muiike m'pepala lapulasitiki chifukwa cha mvula ndi chiswe, ndipo muzisungamo chilichonse chokhudza sukulu yanu. Choyamba kulowamo ndi chiphaso cha unzika. Munthu amalembetsa ku NRB, ofesi ya boma yopereka ziphasozi, akakwanitsa zaka 16, ndipo chiphasocho sichituluka tsiku lomwelo, choncho musadikire kuti chifunike kaye.

Onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa mofanana paliponse. Kwathu kuno mwana amatha kukhala ndi dzina la bambo ku pulayimale, la agogo aamuna ku sekondale, la mfunda pachiphaso. Kumudzi tonse timadziwa kuti ndi munthu mmodzi, kompyuta siidziwa. Dzina limene lapita ku MANEB ndilo likhale pachiphaso, pa nambala ya foni ndi ku banki, chilembo ndi chilembo, pamodzi ndi tsiku lobadwa. Kukonza dzina pambuyo pake kumadya ndalama zoyendera kangapo kupita pa boma.

Ngati kholo lanu linamwalira, pezani chikalata cha imfa padakali pano. N'zowawa kuzikamba, koma mudzachifuna popempha ngongole, ndipo kuchifunafuna patapita zaka, sabata imodzi yokha itatsala, ndi chintchito. Ngati fizi ya ku sekondale ankakulipirirani a mpingo, a bungwe kapena a khonsolo, pemphani kalata yonena zimenezo. Lowetsaninso zithunzi zing'onozing'ono zingapo.

Pomaliza, khalani ndi nambala ya foni yolembetsedwa m'dzina lanu ndi imelo imodzi. Foni ingasowe, koma simu khadi yokha mutha kuisunga n'kumaiika m'foni ya mnzanu. Mawu achinsinsi a imelo alembeni pakapepala, kalowe mu envulopu. Ndaonapo ana ambiri amene anawatsegulira imelo ndi mnyamata wa pa shopu ya intaneti, iwo osafunsa n'komwe kuti walembapo chiyani.

Miyezi yodikira

Kuchoka tsiku lomaliza mayeso kufika tsiku lolowa m'kalasi ya ku yunivesite pamadutsa miyezi yambiri, nthawi zina chaka chathunthu kapena kuposa. Ino ndiyo nthawi yokhayo imene muli ndi manja awiri omasuka. Pemphani kachigawo ka dimba kakhale kanu, mulime tomato, kabichi kapena mbatatesi. Gwirani ganyu, phunzitsani ana a Sitandade 8 madzulo. Ndalama yake isakhale m'thumba: gulani kambuzi kapena kankhumba, kapena muiike ku banki m'khonde kudzera mwa mayi anu, mutagwirizana poyera kuti ndi ya sukulu.

Khutu likhale kunja. Siyani nambala yanu kwa ahedi ndi kwa mphunzitsi mmodzi amene ali ndi foni ya WhatsApp, ndipo sabata iliyonse muziwaimbira kapena kupita nokha. Musadalire kuti akukumbukirani; ali ndi Fomu 4 ina m'manja.

Kulembetsa ku NCHE

Kusankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma kumayendetsedwa pamodzi kudzera ku National Council for Higher Education, NCHE mwachidule. Palibe amene amasankhidwa chifukwa choti wakhoza basi, muyenera kulembetsa. Chilengezo chimatuluka m'nyuzi, pawailesi ndi pa intaneti zotsatira za MSCE zikatuluka, ndipo chimanena makosi onse, zofunika pa kosi iliyonse, ndalama yolembetsera, njira yolipirira ndi tsiku lotseka. Chiwerengeni chonse, kawiri. Lipirani pokhapo pamene chilengezo chanena, risiti ilowe mu envulopu.

Mukapita pa shopu ya intaneti pa Dedza boma kapena pa Ntcheu boma, pitani mutalemba kale papepala makosi anu mu ndondomeko yake. Musalole wotayipa akusankhireni poti "ambiri akulemba iyi". Khalani pambali pake mpaka atamaliza, muwerenge nokha nambala yanu ya mayeso pa sikirini, ndipo musachoke opanda pepala losindikiza lotsimikiza kuti fomu yapita. Musadikire sabata yomaliza: magetsi amazima, netiweki imavuta, ndipo ndi pamene aliyense amakumbukira.

Pa kasankhidwe ka makosi tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ana anzeru amadzipweteka okha. Mu 2020 boma linathetsa kusankha kwa kota, kumene kunkagawa malo potengera maboma. Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti mukupikisana ndi dziko lonse, kuphatikizapo ana a m'sukulu zogonera pompo zokhala ndi labu ndi laibulale. Makirediti 6 amangokulolani kulowa pamzere. Malo ndi ochepa kuyerekeza ndi oyenerera. Ndiye mwana wa mapointi 22 akadzaza mizere yonse ndi udokotala, zamankhwala ndi uinjiniya, wadzichotsa yekha. Ikani pamwamba kosi imodzi ya kumtima kwanu ngati magiredi anu akuifikira ndithu. Pakati ikani zimene magiredi anu amphamvu akuloza. Pansi ikani zimene anthu sazithamangira koma inu mungaziphunzire mosanyinyirika. Funsani amene anasankhidwa chaka chatha kuchokera m'dera lanu kuti anali ndi mapointi angati ndipo anawatenga kosi iti. Zimenezo zimakuuzani zambiri kuposa mphekesera za pamsika. Dziwaninso kuti zamalamulo ku UNIMA munthu salowa mwachindunji kuchokera ku Fomu 4, amayamba waphunzirako zina.

Kosi muiyang'anenso ndi diso la munthu wosauka. Dzifunseni: amene anamaliza kosi imeneyi ali kuti lero? Kodi ndingadzadye nayo ngakhale osalembedwa ntchito? Ana athu amanyoza zaulimi poti atopa ndi khasu, koma ine ndimati mwana wa ku Bembeke amene waphunzira za mbewu, za nthaka kapena za kusunga zokolola ali ndi pogwira pamene mnzake wa digiri ya dzina lokoma akuzungulira ndi makalata mu Lilongwe. Uphunzitsi wa Masamu ndi sayansi nawonso suyenera kupeputsidwa. Sindikunena kuti ntchito ili chile, ayi. Aphunzitsi ndi anamwino omwe amadikira kulembedwa. Ndikungoti chikomekome cha mkuyu musachitengere pamtima musanaung'ambe.

Wina akakuimbirani kuti ali ndi "munthu wamkati" amene angakuikeni pa mndandanda mukatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, dulani foni. Malo sagulitsidwa choncho, ndipo mbuzi mwagulitsayo siibwerera.

Dzina likapanda kutuluka

Lirani tsiku limodzi, kenako tsegulani envulopu muone chimene chavuta. Ngati ndi giredi imodzi kapena awiri, kubwereza ndi nzeru, bola mubwereze mukuphunzira, osati kungolembetsa mayeso n'kumakhala kumunda. Ngati munasankha molakwika, kapena munachedwa ngati mnyamata wa pa Lizulu uja, onani m'chilengezo cha chaka chotsatira zaka za MSCE zimene zikuloledwa. Nthawi zambiri si za chaka chimodzi chokha.

Misewu inanso ilipo, ndipo ina ili pakhomo pomwe. Ku Bembeke kuli koleji ya uphunzitsi ya St Joseph's ya atsikana. Ku Chongoni kuli koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire. Kuli Domasi ndi Nalikule kwa ofuna uphunzitsi wa ku sekondale, Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga ya ku Nkhoma kwa ofuna zaumoyo, ndi makoleji a ntchito zamanja a TEVETA monga Lilongwe, Namitete ndi Salima. Mzuni ndi LUANAR ali ndi maphunziro a patali, oti munthu amaphunzira ali kwawo n'kumapita ku sukulu nthawi ndi nthawi. Ambiri anayamba ndi dipuloma, n'kugwira ntchito, n'kudzalowa ku yunivesite atakula. Koma mukafuna yunivesite kapena koleji imene si ya boma, fufuzani kaye ku NCHE ngati sukuluyo ndiponso kosi yeniyeniyo zili zovomerezeka. Pali mabanja amene anagulitsa munda chifukwa cha pepala limene olemba ntchito salilandira.

Dzina latuluka: khalani pansi ndi abale sabata yomweyo

Nthungululu zimveke, nkhuku ifenso ngati ilipo, koma msonkhano wa banja usadutse sabata. Itanani amalume, poti kwathu kuno mbumba ndi yawo, azakhali, achimwene amene ali ku Lilongwe kapena ku Joni, ndi mkulu wa mpingo kapena wa mzikiti. Pamsonkhano wotere anthu amakonda kunena kuti "tidzaona" kapena "tili limodzi". Mawu amenewa sagula ufa. Tengani kope, mulembe dzina la munthu ndi chinthu chimene walonjeza ndi mwezi wake: uyu thumba la chimanga pa temu, uyu ndalama ya basi, uyu lendi ya miyezi iwiri, uyu bulangete ndi sutikesi. Wopereka nyemba ndi wofunika mofanana ndi wopereka ndalama. Mutu umodzi susenza denga, koma denga limagwanso ngati onyamula sanauzidwe mbali yogwira.

Inu makolo, chimanga cha mwana wa sukulu chipatulidwe nthawi yokolola, chithiridwe mankhwala, chisakhudzidwe. Kugulitsa mu Meyi pamtengo wogwa n'kudzagula mu Januwale pamtengo wokwera ndi kumene kumatisaukitsa chaka ndi chaka.

Ngongole ya boma

Bungwe loona za ngongole za ophunzira ndi Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Ophunzira amangoti Loans Board. Limabwereketsa ophunzira osowa a m'mayunivesite a boma ndi ena ovomerezeka. Ndalama ya fizi imapita ku yunivesite mwachindunji, simuigwira m'manja. Ya chakudya ndi pogona ndiyo imabwera kwa inu, n'chifukwa chake mufunika akaunti ya m'dzina lanu.

Zinthu zitatu muzigwire. Choyamba, ngongole siibwera yokha chifukwa choti mwasankhidwa; ili ndi fomu yakeyake ndi tsiku lake lotseka, ndipo mumapemphanso chaka chilichonse. Chachiwiri, si onse opempha amene amalandira, ndipo wina amalandira mbali imodzi yokha. Apa ndi pamene envulopu ija imagwira ntchito. Lembani zoona, koma zoona zonse. Ana a kumudzi ali ndi manyazi achilendo: pa funso la ntchito ya makolo amalemba "bizinesi" pamene mayi awo amagulitsa mulu wa tomato pamsewu. Lembani kuti ndi mlimi wa munda waung'ono, ana alipo angati, amene ali pasukulu ndi angati, anakulipirirani sekondale ndani. Pamene fomu ikufuna saini kapena chidindo cha mfumu, cha ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma kapena cha wolumbiritsa, yendani nokha tsiku lomwelo, ndipo mujambulitse zonse musanapereke. Kunama musayerekeze, kupha kholo lamoyo papepala kumadzakutsatani.

Chachitatu, ndi ngongole, si mphatso. Tidzabwererako kumapeto.

Musaime pa ngongole yokha. Mukangofika pa sukulu, pitani ku ofesi ya mkulu woona za ophunzira mukalembetse kuti ndinu wosowa. Makampani, mabanki, mipingo ndi anthu akufuna kwabwino akabwera ndi thandizo amafunsa mayina ku ofesi imeneyo, ndipo amene sanadzionetse sakhalapo. Atsikana amene anathandizidwapo ndi CAMFED kapena bungwe lina ku sekondale, auzeni kuti mwasankhidwa, musangosowa.

Masabata oyamba

Uwu ndiye mpata waukulu kuposa yonse, ndipo ine ndinagweramo. Ndinafika pa koleji ndi ndalama ya sabata imodzi, ndikukhulupirira kuti thandizo ndikalipeza likundidikira. Linabwera patapita nthawi yaitali. Ndinagona pansi m'chipinda cha mnyamata wina wakwathu, wa chaka chachitatu, amene sindinkamudziwa n'komwe, anangomva kalankhulidwe kanga pamzere n'kundifunsa kuti, "Akumudzi, kwanu n'kuti?" Pakanapanda iye ndikanakwera basi yobwerera, ndipo ndikudziwa anzanga awiri amene anakweradi.

Choncho werengerani ngati kuti ngongole ichedwa miyezi iwiri. Mitengo sindilemba pano, poti kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa lero sukhala wa mawa. Imbirani wophunzira amene ali komweko, akuuzeni zinthu zisanu: lendi ya kachipinda kogawana, chakudya cha mwezi, ndalama imene yunivesite imafuna kuti munthu alembetse, zojambulitsa manotsi ndi bandulo, ndi basi yopita ndi kubwera. Phatikizani, muchulukitse kawiri kupatula ya basi ndi yolembetsa. Imeneyo ndiyo ndalama ya mbuzi ija.

Malo ogona a pa sukulu sakwanira onse. Ambiri amakhala kunja: ku Chikanda ku Zomba, ku Luwinga ku Mzuzu, m'makomboni ozungulira MUBAS ku Blantyre. Musatumize ndalama ya nyumba imene simunaione kwa munthu wa pa Facebook. Funsani gulu la ophunzira ochokera ku Dedza kapena ku Ntcheu, kapena la mpingo wanu, akupezereni pofikira masiku oyamba, nyumba mukaifune ndi maso anu. Yang'anani chitseko ndi loko, madzi, ndi mtunda woyenda usiku pochokera ku laibulale, makamaka atsikana.

Nyamulani ufa, nyemba, mtedza, mfutso, mbatatesi, poto, mbale ndi bulangete. Ena adzakusekani kuti yaro, dzina limene amapatsa wa chaka choyamba, wabwera ndi nkhokwe. Pakatha milungu itatu omwewo adzayamba kudutsa pakhomo panu nthawi ya nkhomaliro. Kuphika awiri kapena atatu pamodzi kumatsitsa mtengo kuposa china chilichonse. Chipisi cha pa chiwaya tsiku ndi tsiku chimamaliza ndalama ya temu mwezi usanathe.

Kukhalamo mpaka kumaliza

Kulowa n'kosavuta kuyerekeza ndi kukhalamo. Ku yunivesite kulibe belu, kulibe mphunzitsi wokulemberani manotsi pabolodi kapena wokufunsani chifukwa chimene mwajombera. Mukalephera phunziro mumalemba sapu, mayeso obwereza. Mukalephera ambiri amakuchotsani, kumene ophunzira amati kuwididwa. Chaka choyamba ndicho choopsa kwa mwana wa ku CDSS, chifukwa Chingerezi cha alekichala chimathamanga ndipo ntchito zambiri zimafuna kompyuta imene mwina simunaigwirepo. Khalani kutsogolo. Lowani gulu lokambirana sabata yoyamba yomwe. Pitani ku labu ya makompyuta nthawi imene kulibe anthu, muphunzire kutayipa ngakhale ndi zala ziwiri. Funsani, ngakhale aseke kalankhulidwe kanu. Safunsa anadya phula. Mwa zimene ndaona, ana a ku CDSS akapulumuka chaka choyamba amawapitirira ambiri, chifukwa anazolowera kudziphunzitsa okha.

Ndalama ya ngongole ikalowa, imaoneka yambiri chifukwa simunagwirepo yotere. Tsiku lomwelo lipirani lendi ya miyezi yonse imene mungathe, gulani chakudya chosawonongeka, patulani ya basi yobwerera. Yotsalayo igaweni m'masabata. Adani ake ndi odziwika: foni yatsopano, kubetcha mpira, mowa, ndi katapila amene amayamba ngati chithandizo cha mnzako. Kwa atsikana palinso abambo a magalimoto amene amadziwa bwino mwezi umene ophunzira amakhala atashota. Wina aliyense, kaya ndi wophunzitsa, akafuna thupi lanu posinthana ndi magiredi kapena ndalama, sungani mauthenga ake ndipo mukanene ku ofesi yoona za ophunzira.

Makolo, apa ndikupempheni. Mwana akalandira ndalama ya chakudya sanayambe ntchito. Mukamuimbira kuti atumize ya feteleza kapena ya maliro, amatumiza, chifukwa sangakukanizeni, kenako amagona ndi njala n'kulephera mayeso. Mwadya mbewu.

Kageni kakang'ono n'kololedwa bola kasadye nthawi ya kalasi: kumeta, kuluka tsitsi, kuphunzitsa ana a sekondale Loweruka, kapena kubweretsa thumba la mbatatesi pochokera ku holide n'kugulitsa kwa anzanu ndi kwa okazinga chipisi. Zinthu zikafika pothina kwambiri, musangosowa pa sukulu. Pitani kwa oyang'anira mukapemphe kuimitsa maphunziro mwa dongosolo, ndi kalata, kuti malo anu asungike. Wothawa mwakachetechete amalembedwa kuti walephera.

Digiri ili m'manja

Gauni ndi zithunzi sizisintha pakhomo. Chimasintha ndi ntchito, ndipo ntchito imayamba kufunidwa muli chaka chachitatu. Nthawi ya atachimenti, pamene mumakaphunzira ntchito pamalo ogwirira ntchito, musaitenge ngati holide. Fikani m'mawa, gwirani ngakhale zimene ena akuzinyoza, ndipo pochoka pemphani kalata ndi nambala ya amene ankakuyang'anirani. Mwana wa munthu wosauka alibe amalume ku Capital Hill. Amalume ake ndi anthu amene anaona ntchito yake. Mukamaliza, lembetsani ku ndondomeko ya boma ya ma intani ikalengezedwa, ndipo musakane ntchito yoyamba chifukwa ili kumudzi kapena malipiro ake ndi ochepa. Kudikira muli pa ntchito ina n'kosiyana ndi kudikira muli pakhonde la achimwene ku Area 25.

Malipiro oyamba akabwera, kope lija la msonkhano wa banja lidzakhala likukudikirani, ndipo mapempho adzachuluka kuposa ndalama. Simungathe onse. Ine ndinasankha chinthu chimodzi, fizi ya mlongo wanga wamng'ono, ndipo ndinauza abale poyera kuti zina zidikire mpaka iye amalize. Anandinena kuti ndauma manja kwa zaka zingapo. Lero tikuthandiza awiri.

Ngongole ija ibwezeni. Bungwe la Loans Board limapereka kanthawi mukamaliza maphunziro musanayambe kubweza, ndipo mukalembedwa ntchito lamulo limafuna kuti abwana anu azidula pa malipiro n'kutumiza. Musadikire kuti akusakeni: pitani kapena imbani mufunse kuti ngongole yanu yonse ndi zingati, muuze a ku ofesi ya malipiro kuntchito kwanu, ndipo ngati mukudzilemba nokha ntchito gwirizanani nawo kabwezedwe kamene mungakwanitse. Ndalama imeneyo ndi yomwe adzabwereke mng'ono wanu. Miyezi ingapo iliyonse onani ngati zimene akudula zikufikadi, chifukwa kudula ndi kutumiza ndi zinthu ziwiri, ndipo pepala lililonse la malipiro losonyeza kudulako lizilowa mu envulopu ya khaki ija.